Jini ya Kiss1 mu mbewa ndi mimba za atsikana ku Mangochi: zomwe kafukufukuyu akunena ndi zomwe sakunena

Pa msonkhano wina wokambirana za mimba za atsikana achichepere womwe ndidakhala nawo kuno ku Mangochi, bambo wina wophunzira bwino adaimirira nkunena kuti vuto lagona m'thupi mwa anawo. Iwo adati atsikana a masiku ano akutha msinkhu msanga, mahomoni awo akuthamanga, ndipo asayansi adaipeza kale jini yomwe imayambitsa zonsezi. Adatchula ngakhale dzina loti kisspeptin. Ambiri m'chipindamo adagwedeza mitu kuvomereza. Ine sindidayankhe tsikulo, chifukwa zina mwa zomwe bambowo adanena ndi zoona, ndipo kulekanitsa zoonazo ndi zolakwikazo kumafuna nthawi yoposa mphindi ziwiri zomwe wapampando amapereka.

Nkhani ino ndiye yankho langa. Ndiunika kafukufuku wa jini ya Kiss1 ndi inzake ya Gpr54, yemwe mbali yake yaikulu adachitira pa mbewa za mu labu, ndi kufunsa ngati angatithandize kumvetsa zomwe tikuona m'zipatala za ku Lungwena, Malindi, Makanjira, Namwera ndi Monkey Bay. Ndisadapite patali, ndinene kuti jini pano ndi kachigawo ka DNA komwe kamanyamula malangizo opangira puloteni inayake m'thupi. Si majini aja omwe kuno kunyanja timawadziwa ngati mizimu yovutitsa anthu. Maganizo anga ndi akuti kafukufukuyu ndi wolimba pa funso lomwe adafuna kuyankha, koma funsolo ndi losiyana ndi lomwe likutivutitsa ife, ndipo kusakaniza mafunso awiriwa kungatisocheretse pa ntchito yoteteza atsikana.

Zomwe adapeza

Kutha msinkhu kumayambira mu ubongo. Cha pansi pa ubongo pali kachigawo kotchedwa hypothalamus, momwe muli maselo otulutsa homoni ya GnRH. Homoniyi situluka mosalekeza, koma mwa apo ndi apo ngati madontho, ndipo imapita ku kachiwalo kena kapafupi kotchedwa pituitary. Kachiwaloka kamatulutsa mahomoni awiri, LH ndi FSH, omwe amayenda m'magazi kukadzutsa mabasiketi a mazira mwa mtsikana ndi machende mwa mnyamata. Kumeneko ndi komwe kumachokera estrogen ndi testosterone, zomwe zimameretsa mabere, kusintha mawu, kukhwimitsa mazira ndi kupanga umuna. Dongosololi limagwira ntchito kwa miyezi ingapo mwana akangobadwa, kenaka limagona kwa zaka zambiri za ubwana, nkudzadzukanso.

Kufunika kwa GnRH kudadziwika kalekale, ndipo mbewa zidathandiza. Mu 1977, Bruce Cattanach ndi anzake ku England adafotokoza mtundu wa mbewa zomwe ziwalo zake zoberekera sizinkakula. Mu 1986, ofufuza ena adaonetsa kuti mbewazi zili ndi jini ya GnRH yoduka, ndipo ataziika jini yabwino zidayamba kubereka. Chomwe chidatsala ndi kudziwa chimene chimadzutsa maselo a GnRH nthawi ikakwana.

Yankho lidachokera kumbali yomwe palibe ankayang'anako. Jini ya KISS1 idapezeka mu 1996 ku Hershey, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, ndi gulu la Danny Welch lomwe linkafufuza za kufalikira kwa khansa ya pakhungu. Mu 2001 kudadziwika kuti puloteni yochokera ku jiniyi, yomwe pano timaitcha kisspeptin, imakalumikizana ndi puloteni ina ya pakhungu la selo yotchedwa GPR54, monga kiyi amalowera m'loko. Kenaka mu 2003 magulu awiri adalengeza zinthu zofanana. Nicolas de Roux ndi anzake ku Paris adapeza kuti abale angapo a m'banja limodzi omwe sadathe msinkhu adali ndi jini ya GPR54 yowonongeka. Stephanie Seminara ndi anzake ku Boston adapeza zomwezo m'banja lina lalikulu la ku Saudi Arabia, ndipo m'lipoti lomwelo ofufuza a ku Cambridge ku England, kuphatikizapo William Colledge, adafotokoza za mbewa zomwe adazichotsa dala jini ya Gpr54.

Mbewazo zidakula koma sizidathe msinkhu. Zamphongo zidali ndi machende aang'ono, zazikazi mazira ake sankakhwima. Koma ofufuzawo atayeza ubongo wake adapeza kuti GnRH ilimo ndithu, ndipo atazibaya GnRH yochokera kunja, pituitary idagwira ntchito. Zidali ngati injini ya boti yomwe ili bwinobwino, mafuta alimo, koma chingwe cholizira chadulidwa. Mu 2007 magulu ena adachotsa jini ya Kiss1 yeniyeniyo mu mbewa nkupezanso kuti sizibereka, ndipo mu 2012 Kemal Topaloglu ndi anzake ku Turkey adapeza atsikana a m'banja limodzi omwe sadathe msinkhu chifukwa jini yawo ya KISS1 idali yowonongeka.

Kafukufukuyu ayenera kuyamikiridwa. Zomwe zidaoneka mwa anthu zidagwirizana ndi zomwe zidaoneka mu mbewa, ndipo mbewa zidapereka chinthu chomwe sitingachipeze mwa munthu wamoyo, chomwe ndi kutsegula ubongo ndi kuona pomwe penipeni padaduka. Magulu osiyana m'maiko osiyana adabwereza ntchitoyi nkupeza zofanana. Yabalanso zipatso kuchipatala: mu 2014 gulu la Waljit Dhillo ku Imperial College London lidaonetsa kuti kisspeptin ingakhwimitse mazira mwa amayi omwe akuthandizidwa kubereka kudzera mu njira ya IVF. Choncho bambo a pa msonkhano aja sadalakwitse ponena kuti jiniyi ilipo ndipo ndi yofunika.

Funso lomwe mbewa zidayankha

Cholakwika chimabwera pa sitepe yotsatira. Kuchotsa jini mu mbewa kumayankha funso loti, kodi popanda jiniyi ntchito ingachitike? Sikuyankha funso loti, nanga pakati pa omwe ali ndi jini yabwinobwino, nchifukwa chiyani wina amayamba msanga wina mochedwa? Tikadula chingwe cha injini boti silinyamuka, ndipo pamenepo taphunzira kuti chingwe ndi chofunika. Koma tikaima padoko la ku Makawa madzulo nkuona maboti ena akunyamuka msanga ena mochedwa, sitinganene kuti kusiyanako kukuchokera ku zingwe. Onse zingwe ali nazo. Wina akudikira mafuta, wina akuyang'ana mwera, wina alovi ake sadafike.

Atsikana pafupifupi onse a ku Mangochi ali ndi KISS1 ndi GPR54 zogwira bwino ntchito. Kuwonongeka kwa majini awiriwa ndi chinthu chosowa kwambiri, nchifukwa chake ofufuza adachita kukafuna mabanja omwe makolo ake adali pachibale kuti akuone. Ndi zoona kuti mu 2008 madokotala a ku Brazil adafotokoza za kamtsikana kena komwe kadatha msinkhu kakadali kakang'ono chifukwa GPR54 yake inkagwira ntchito mopyola muyeso, koma ameneyu adali mwana mmodzi wodwala matenda osowa, osati chithunzi cha boma lonse.

Kafukufuku woyang'ana kusiyana kwa majini pakati pa anthu wamba amaonetsa chithunzi china. Mu 2017, Felix Day ndi anzake adaunika amayi pafupifupi 370,000 nkupeza malo 389 mu DNA omwe amakhudza msinkhu woyambira kusamba. Malo onsewo pamodzi adangofotokoza pafupifupi 7 peresenti ya kusiyana komwe kulipo pakati pa amayi. Mu 2024 kafukufuku wokulirapo, wa amayi pafupifupi 800,000, adapeza malo oposa 1,000, ndipo chiwerengerocho chidangokwera kufika pa 11 peresenti. Palibe jini imodzi yomwe imalamula tsiku. Komanso ambiri mwa amayi a m'kafukufuku ameneyu makolo awo ndi ochokera ku Ulaya, kotero ziwerengerozi sitingangozitenga nkuziika pa atsikana a Chiyao kapena a Chichewa popanda kuziyesa kuno.

Mbiri nayo ikutsutsa maganizo oti jini ndiyo yasintha. Kumpoto kwa Ulaya, msinkhu woyambira kusamba udatsika kuchoka pa zaka 16 kapena 17 chapakati pa zaka za m'ma 1800 kufika cha pa zaka 13 chapakati pa zaka za m'ma 1900. Majini a mtundu wa anthu sasintha chotero m'mibadwo 4 kapena 5. Chomwe chidasintha ndi chakudya, matenda ndi ntchito zolemetsa za ana.

Ngakhale mu mbewa momwemo nkhaniyi si yowongoka

Mabuku ambiri ophunzitsira amajambula mzere wosavuta: mafuta a m'thupi amatulutsa homoni ya leptin, leptin imadzutsa maselo a kisspeptin, kisspeptin imadzutsa GnRH. Mzerewu uli ndi maziko ake. Mbewa zopanda leptin sizibereka, ndipo mu 1996 Farid Chehab adaonetsa kuti zikapatsidwa leptin zimayamba kubereka. Mu 2005 gulu la Manuel Tena-Sempere ku Córdoba, m'dziko la Spain, lidaonetsa kuti makoswe omanidwa chakudya amatulutsa kisspeptin yochepa ndipo amachedwa kutha msinkhu, koma akapatsidwa kisspeptin ena mwa iwo amayambapo.

Koma mu 2011 padatuluka malipoti awiri omwe adasokoneza mzerewu. José Donato ndi Carol Elias adachotsa puloteni yolandirira leptin m'maselo a kisspeptin okha, ndipo mbewazo zidatha msinkhu nkubereka popanda vuto, kusonyeza kuti uthenga wa leptin umadzera m'maselo ena. Chaka chomwecho Christian Mayer ndi Ulrich Boehm ku Germany adapha maselo ambiri a kisspeptin mbewa zikadali zanthete, ndipo zazikazi zidatha msinkhu pa nthawi yake nkubereka. Atawapha mbewa zitakula kale, dongosolo la kubereka lidasokonekera. Ubongo womwe ukukula umatha kupeza njira zina, kapena maselo ochepa otsalawo amakwanira. Mu 2013 Ana Paula Abreu ndi anzake adapezanso jini ina, MKRN3, yomwe imagwira ntchito ngati buleki: ikawonongeka, mwana amatha msinkhu nthawi isadakwane. Ofufuza a mbewa eni akewo salankhula za jini imodzi yolamulira zonse. Amene timalankhula chotero ndife owerenga, tikamafupikitsa ntchito yawo.

Pali kusiyananso kwakukulu pakati pa mbewa ya mu labu ndi mwana wa munthu. Mbewa imeneyi si ija anyamata amakumba m'munda chilimwe. Ndi ya mtundu wa Mus musculus, yomwe yakhala ikukweretsedwa pachibale kwa mibadwo yambiri mpaka zonse za mtundu umodzi, monga C57BL/6, zimafanana majini ngati mapasa. Imadya nthawi iliyonse yomwe yafuna, imakhala m'chipinda chotentha mofanana chaka chonse, ndipo sidziwa malungo, likodzo kapena njoka za m'mimba. Imakhwima pakangotha masabata 6 mpaka 8. Siisamba konse. Ofufuza amadziwa kuti yatha msinkhu poona kutseguka kwa njira yoberekera, ndipo dongosolo lake la mazira limazungulira masiku 4 kapena 5. Mbewa yaikazi imathanso msinkhu msanga ikamanunkhiza mkodzo wa yamphongo, zomwe John Vandenbergh adaonetsa m'zaka za m'ma 1960. Zonsezi si zolakwika za kafukufukuyo. Ofufuza amachotsa dala kusiyana kwa chakudya, matenda ndi majini ena kuti aone ntchito ya jini imodzi. Koma zinthu zomwe iwo amachotsazo ndi zomwe ife a zaumoyo wa anthu timalembedwa ntchito kuti tiziyeze.

Tikabwera nazo kunyanja

Tiyeni tivomereze kwa kanthawi kuti zomwe zidapezeka mu mbewa ndi makoswe zimagwiranso ntchito mwa ana athu, ndipo tione komwe zikutilozera. Phunziro lake lalikulu ndi lakuti thupi losowa chakudya limachedwetsa kubereka. Kafukufuku wa dziko lonse wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena ali ndi pathupi poyamba. Sayansi ya kisspeptin ikadakhala kuti ndiyo ikufotokoza mimbazi, dziko la ana opinimbira chotere likadakhala ndi mimba zochepa za achichepere, ndipo maiko monga Denmark ndi Netherlands, komwe atsikana amayamba kusamba cha pa zaka 13, akadakhala ndi zambiri. Zomwe zilipo ndi zosemphana ndi zimenezi.

Umboni wa m'dziko muno ulipo. Mu 2010, Judith Glynn ndi anzake a Karonga Prevention Study adafalitsa zomwe adapeza atafunsa amayi a ku Karonga. Theka la iwo adayamba kusamba atakwanitsa zaka pafupifupi 15, komwe ndi kuchedwa poyerekeza ndi ku Ulaya. Koma adapezanso chinthu chomwe sitiyenera kuchibisa: atsikana omwe adayamba kusamba msanga adayambanso msanga zogonana, adakwatiwa msanga, ndipo ambiri sadamalize sukulu ya pulaimale. Apa wina angati bambo aja apambana. Sichoncho. Zomwe a ku Karonga adaona ndi zakuti msambo woyamba umasintha momwe anthu amamuonera mtsikana. Akangogwa pansi, kunyumba amayamba kumuwerengera ngati wamkulu, amuna amayamba kumufunsira, ndipo ngati akadali Sitandade 5 chifukwa adayamba sukulu mochedwa kapena adabwereza makalasi, sukulu imagonja. Homoni imangobweretsa tsikulo. Zomwe zimachitika tsikulo likadutsa amazichita ndi anthu.

Kuno kwathu tikudziwa kuti tsikuli lili ndi mwambo wake. Pakati pa Ayao pali nsondo wa atsikana, ndakula wa amene wayamba kusamba, ndi litiwo la amene ali ndi pathupi poyamba, monganso chinamwali pakati pa Achewa ndi Anyanja. Miyamboyi siifanana mudzi uliwonse, ndipo malangizo a anankungwi akhala akusintha m'madera ambiri, kotero kuiloza chala yonse pamodzi ndi ulesi womwewo wa kuloza jini. Chomwe ndikutsindika ndi chakuti pakati pa msambo woyamba ndi mimba yoyamba pali mtunda, ndipo kutalika kwa mtundawo kumadalira sukulu, ndalama za pakhomo, malangizo, malamulo, njira zakulera ndi khalidwe la amuna. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chingayezedwe m'khola la mbewa.

Ku Zomba, mtundawu udayezedwa. Mu 2008 ndi 2009, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler adachita kafukufuku wopereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi mabanja awo, posankha madera mwa maere. Komwe ndalamazo zinkaperekedwa popanda lamulo lililonse, mimba ndi maukwati a achichepere zidachepa, makamaka pakati pa omwe adasiya sukulu. Ofufuzawo atabwererako patapita zaka zingapo ndalamazo zitasiya, adapeza kuti phindu lambiri lidazilala. Ndalama itabwera mimba zidachepa, itachoka zidabwerera, ndipo nthawi yonseyi kisspeptin ya atsikanawo palibe adaikhudza.

Chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri pa misonkhano yathu nachonso chimafuna kuchiwerenga mosamala. Mu 2020 nyuzipepala zidalengeza kuti atsikana oposa 7,000 a m'boma la Mangochi adapezeka ndi pathupi pakati pa Januwale ndi Juni, ndipo ambiri adaloza kutsekedwa kwa sukulu chifukwa cha Covid-19. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi. Amayi ambiri kuno amayamba sikelo mimba itatha miyezi ingapo, choncho mimba zambiri zomwe zidalembedwa m'miyezi imeneyi zidatengedwa sukulu zisadatsekedwe. Chiwerengerocho chikutiuza kuti vutoli lidali lalikulu kale mliri usadafike. Kufulumira kupeza chifukwa chimodzi, kaya ndi jini kaya ndi mliri, kumatilepheretsa kuona zomwe zakhala zikuchitika chaka ndi chaka.

Pomwe mbewa zingatithandize

Sindikunena kuti titaye kafukufukuyu. Ali ndi maphunziro awiri omwe ife tingagwiritse ntchito, ngakhale si omwe bambo aja adatenga.

Loyamba ndi chenjezo. Ngati thupi limawerengera chakudya lisadayambe kubereka, ndiye kuti tikapambana pa nkhondo yolimbana ndi kupinimbira, atsikana athu adzayamba kusamba msanga kuposa amayi awo. Walira mvula walira matope. Ku Sweden, Lemm Proos ndi anzake adaonetsa mu 1991 kuti atsikana ochokera ku India omwe adaleredwa ndi mabanja a ku Sweden adayamba kusamba msanga kuposa ana obadwira komweko, makamaka omwe adafika atakulako nkuyamba kunenepa mofulumira. Izi si chifukwa chochepetsera phala la kusukulu kapena chiponde cha ana onyentchera. Mtsikana wopinimbira akatenga pathupi thupi lake likukulabe, amalimbirana chakudya ndi mwana wa m'mimba, ndipo ali pa chiopsezo cha uchembere wovuta ndi fistula. Tanthauzo lake ndi lakuti mapologalamu a zakudya ayenera kuyendera limodzi ndi okonzekeretsa sukulu za pulaimale: zimbudzi za atsikana, madzi, zovalira pa nthawi ya msambo, ndi maphunziro a za thupi omwe amayamba mwana asadagwe pansi. Lamulo lili kale mbali yathu, popeza lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zidaika zaka 18 ngati msinkhu woyambira banja. Msinkhu wa thupi ukamatsika pomwe wa lamulo uli pomwepo, zaka zomwe mtsikana ayenera kutetezedwa zikuchuluka.

Lachiwiri ndi la kuchipatala. Mtsikana yemwe wafika zaka 13 mabere asadayambe kumera, kapena zaka 15 asadayambe kusamba, ndi mnyamata wa zaka 14 yemwe machende ake sadayambe kukula, ayenera kuunikidwa. Sayansi ya GnRH imatiphunzitsa kuti ubongo umazimitsa dongosololi thupi likakhala pa mavuto. Choncho wachipatala wa ku Makanjira akakumana ndi mwana wotere, asayambe kuganiza za jini yosowa. Ayambe ndi sikelo ndi muyeso wa msinkhu, kenaka afufuze kuperewera kwa zakudya, HIV yobadwa nayo, TB, sickle cell, kuchepa kwa magazi ndi matenda ena okhalitsa, osaiwala kuyeza mimba, popeza mtsikana atha kutenga pathupi asadaone msambo woyamba. Zonsezi zikapezeka kuti palibe, ndiye nthawi yomutumiza kwa akatswiri a mahomoni ku Queen Elizabeth Central Hospital.

Kafukufuku yemwe tikusowa

Funso lomwe bambo aja adadzutsa, loti kaya atsikana a kuno akutha msinkhu msanga kuposa kale, ndi funso labwino, ndipo lingayankhidwe popanda mbewa ngakhale imodzi. Mangochi ili ndi mwayi womwe maboma ambiri alibe. Kuyambira mu 1995, College of Medicine, yomwe pano ndi gawo la Kamuzu University of Health Sciences, pamodzi ndi University of Tampere ya ku Finland, idatsatira ana a ku Lungwena kuchokera ali m'mimba mpaka atakula, pa ntchito yomwe Kenneth Maleta ndi Per Ashorn adachita mbali yaikulu. Mu 2011 ndi 2012 kafukufuku wa iLiNS-DYAD adalemba amayi oyembekezera 1,391 ku Mangochi, Malindi, Lungwena ndi Namwera, ndipo ena mwa iwo adapatsidwa chakudya choonjezera mwa maere. Ana a magulu otere tsiku lawo lobadwa limadziwika bwino, kulemera kwawo pobadwa kudalembedwa, ndipo kakulidwe kawo kadayezedwa mobwerezabwereza. Kumudzi, komwe zaka za mwana nthawi zina zimachita kuyerekezedwa, zolemba zotere ndi chuma. Magulu awiri obadwa motalikirana zaka zoposa 15 m'dera limodzi ndi omwe angatiuze ngati msinkhu ukusinthadi, komanso ngati chakudya cha masiku oyambirira a moyo chimausuntha.

Pali njiranso yotsika mtengo. M'malo mofunsa amayi akuluakulu kuti akumbukire chaka chomwe adayamba kusamba, zomwe ambiri amaiwala kapena kuzungulitsa, tingafunse atsikana a zaka 9 mpaka 18 funso limodzi, ngati adayamba kapena ayi, nkulemba tsiku lawo lobadwa, msinkhu ndi kulemera. Kuchokera pamenepo masamu amatipatsa msinkhu wapakati wa dera lonse. Tiyenera kufikira ndi omwe adasiya sukulu, chifukwa tikangofunsa a m'kalasi tidzaphonya omwe adakhwima msanga nkuchoka. Ofunsawo akhale amayi olankhula Chiyao ndi Chichewa, pamalo oduka mphepo, makolo atavomereza ndipo mwanayo atalola, popeza nkhani ya msambo siikambidwa pabwalo. Anyamata tisawasiye. Mbewa zamphongo zidayezedwa mofanana ndi zazikazi, koma ife tikamakamba za kutha msinkhu timangotchula atsikana, ngati kuti mimba amaitenga okha.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika

Wina angafunse kuti kulakwitsa pang'ono pofotokoza jini pa msonkhano kuli ndi vuto lanji. Vuto lake limaoneka pa zomwe zimalembedwa pa bolodi msonkhano ukamatha. Tikagwirizana kuti gwero lili m'mahomoni a mwana, zochita zathu zimakhala zomulangiza mwanayo kuti adzigwire, basi. Bambo wa zaka 30 yemwe wabwera ndi ndalama za usipa kapena za ku Joni satchulidwanso. Mtunda wa kusekondale, fizi, kusowa kwa njira zakulera zomwe wachinyamata angapeze popanda kunyozedwa, ndi mlandu wogwirira womwe udathera pa mfumu, zonsezi zimachoka pa mndandanda. Mawu a sayansi amalemera m'makutu mwa anthu, ndipo akagwiritsidwa ntchito molakwika amatseka kukambirana m'malo mokutsegula.

Seminara, de Roux, Colledge ndi anzawo sadanenepo kuti apeza chomwe chimabweretsa mimba za achichepere. Adaonetsa kuti popanda kisspeptin ndi GPR54 ubongo sungadzutse ziwalo zoberekera, ndipo adachionetsa bwino. Udindo wosamala malire a zomwe adapezazo uli pa ife amene timawerenga malipoti awo nkukawafotokozera madokotala, aphunzitsi, mafumu ndi makomiti a m'midzi. Ndikadzakhalanso pa msonkhano wotere, ndidzavomereza kuti jiniyo ilipo, kenaka ndidzapempha kuti tione kaundula wa sikelo ndi wa sukulu, tiwerenge zaka zomwe zimadutsa kuchokera pomwe mtsikana wagwa pansi kufika pomwe walembetsa mimba yoyamba, ndipo tikambirane zomwe tingachite kuti zakazo zichuluke.